Elena Baltacha ndi chiwindi changa

Lolemba m'mawa

Za imfa ya Elena Baltacha ndinazimva ndili m'khitchini ya nyumba yosamalira okalamba komwe ndinkagwira ntchito kuno ku Nottingham. Linali Lolemba pa 5 Meyi 2014, shifiti ya usiku ikupita kumapeto. Ndinali nditatereka phala la agogo amene amadzuka m'mbandakucha, wailesi ikudzilankhulira pawindo. Kenako ndinamva dzinalo. Wamwalira dzulo lake kunyumba kwake ku Ipswich, ali ndi zaka 30. Khansa ya chiwindi.

Ndinazimitsa moto nkukhala pansi. Mnzanga wa pa shifiti anandipeza misozi ili chuchuchu, nkufunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta. Ndinapukusa mutu. Ndikanamuuza chiyani? Kuti ndikulira mtsikana wosewera tenesi amene sankandidziwa nkomwe, amene ndinangomuonera pamphepete pa bwalo?

Papita zaka zambiri tsopano, koma nkhani ya mtsikana ameneyu yakana kundichoka. Ambiri a inu simunamumvepo. Sanatenge chikho cha Wimbledon, mpikisano waukulu wa tenesi wa ku London, sanakhalepo m'gulu la osewera khumi apamwamba pa dziko lonse. Koma kwa ine palibe wosewera wina amene anandikhudza ngati iyeyu, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake ndiyenera kuyamba ndi chinthu chimene mnzanga wa m'khitchini uja sankachidziwa.

Chimene ndinkabisa

Chaka cha 2012 chikupita kumapeto, anandiyeza magazi pa zofunika za kuntchito. Patapita masiku anandiitana kuchipatala nkundiuza kuti ndili ndi kachilombo ka hepatitis B, ndipo kuti mwina ndakhala nako kuyambira ndili khanda. Adokotala anafotokoza modekha. Anati kachilomboka kamakhala m'chiwindi osaonetsa chizindikiro chilichonse kwa zaka zambiri, kuti ambiri a ife ochokera ku Africa amene tili nako tinakatenga pobadwa kapena tili ana aang'ono, kuti mankhwala okafooketsa alipo ngakhale sakachotseratu, komanso kuti azindijambula chiwindi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse chifukwa kwa ena matendawa amadzabala khansa. Pa zonsezo ine ndinatola mawu amodzi okha, omalizirawo.

Mukudziwa mmene timaonera matenda a chiwindi kwathu. Tikamva kuti wakuti chiwindi chatupa timati ndi kachasu. Tikamva kuti ndi kachilombo ka m'magazi timangoyang'anizana nkunena kuti ndi zomwe zija. Ine mowa sindiulawa, ndine wa kwaya, ndine mayi wa ana. Ndiye ndinatseka pakamwa. Bambo a kunyumba okha ndi amene ankadziwa, poti nawonso anayenera kukayezetsa pamodzi ndi ana, ndipo Mulungu anatichitira chifundo, onse anapezeka alibe nkubaidwa katemera.

Koma ine moyo ndinaupinda. Mafomu a maphunziro a unamwino amene ndinali nditadzaza kale ndinawaika pansi pa sutikesi. Ndalama za njerwa ndi malata zimene ndinkatumiza ku Zomba ndinasiya kutumiza, mumtima ndikuti ndimangirenji nyumba yoti sindidzagonamo. Ndikamanyamula agogo kuwachotsa pabedi ndinkapendekera kumanzere kuti mbali ya kumanja isapsinjike. Ndinkagona cha kumanzere. Thupi silinkandipweteka paliponse, koma ndinkayenda ngati wodwala kale.

Pamphepete pa bwalo

Mu Juni 2013, mayi wina wachingerezi amene tinkagwira naye ntchito, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, anandikakamiza kuti ndimuperekeze kokaonera tenesi. Ndinakana, iye osamva. Anati nkhope yanga yakhala yakugwa kwa nthawi yaitali ndipo mphepo ya kunja indichitira ubwino. Ine tenesi ndinkangoidziwira patali, monga ambirife, masewero a anthu a ku kalabu amene tinkawasuzumira tikamadutsa ku Gymkhana tili ana.

Mabwalo a tenesi a mumzinda uno ali m'mbali mwa msewu wa University Boulevard. Sabata imeneyo kunali mpikisano waung'ono wa pa kapinga, wokonzekera Wimbledon imene inali itatsala milungu iwiri. Ndalama zonse za mphoto za amayi zinali madola 50,000, zogawana osewera onse. M'mipikisano yotereyi mulibe mipanda yaitali kapena asilikali. Umakhala pafupi kwenikweni, moti umamva wosewera akupuma.

Ndi mmene ndinamuonera Elena. Wamtali, wa mapewa otambalala, tsitsi atalimanga kumbuyo. Chimene chinayamba kundigwira ndi phokoso la mpira akauseva. Pa TV silimveka choncho. Ankaudunditsa pansi kangapo, nkuuponya m'mwamba, thupi lonse nkupindikira kumbuyo, kenako nkuutswanya, mpirawo nkutsetsereka pa kapinga mnzakeyo asanasunthe phazi. Akaphonya ankatembenukira kumbuyo, nkumakonza zingwe za raketi ndi zala uku akudziyankhulira. Akapeza pointi ankakunga chibakera. Sinali tenesi yokongola ya manyado ayi. Inali ntchito, ndipo ankaigwira ngati ntchito.

Pa nthawi yosinthana mbali anadzakhala pa mpando chapafupi ndi pamene tinali. Ndinaona thukuta likudontha kuchokera pachibwano kugwera pa bondo, nsapato zoyera zitasanduka zobiriwira kunsonga, chifuwa chikukwera nkutsika. Anamwa madzi, nkudzifunditsa thaulo kumutu.

Pamenepo ndi pomwe mayi uja anandinong'oneza. "Ukumuona ameneyu? Chiwindi chake nchodwala kuyambira ali ndi zaka 19. Amamwa mapiritsi tsiku lililonse. Komanso wangochira kumene opareshoni ya phazi."

Anangonena ngati nkhani wamba, maso ali ku bwalo. Za ine sankadziwa kalikonse.

Dzanja langa linapita lokha pansi pa nthiti za kumanja. Woimbira atawaitana, Elena anachotsa thaulo nkubwerera pa mzere, ndipo kuyambira pamenepo sindinaonenso mpira kapena zigoli. Ndinkangoyang'ana mbali yake ya kumanja. Ankasewerera dzanja lamanja. Nthawi iliyonse akamaseva, mbali yomweyo imene ili ndi chiwindi ndi imene inkatambasuka mpaka kumapeto, nkupindika, nkupotoka, mobwerezabwereza kwa ola lathunthu ndi kupitirira. Mbali yomweyo imene ine ndinkaisunga ngati dzira, iye ankadyera.

Sindinayankhule kanthu mpaka tinakwera basi. Mayi uja ankaganiza kuti ndi tulo ta shifiti.

Kumapeto kwa sabatayo Elena anatenga chikho cha mpikisanowo atagonjetsa Tadeja Majerič wa ku Slovenia 7-5, 7-6 mu fainolo. Chinali chikho chake cha nambala 11 posewera payekha m'mipikisano ya ITF, bungwe loyang'anira tenesi pa dziko lonse. Palibe amene ankadziwa kuti ndi chomaliza.

Ine usiku womwewo ndinatulutsa mafomu aja pansi pa sutikesi. Mwezi wotsatira ndinatumiza ndalama za njerwa.

Mwana wa m'banja la masewero

Nditafika kunyumba ndinayamba kufufuza kuti kodi ameneyu ndi ndani, ndipo dzina lake lachilendolo linandiuza kale kuti nayenso ndi wobwera.

Anabadwira ku Kyiv pa 14 Ogasiti 1983, Ukraine idakali mbali ya Soviet Union. Bambo ake, a Sergei Baltacha, anali katswiri wa mpira wa miyendo, wotchinga kumbuyo wa Dynamo Kyiv ndi timu ya dziko, imene inafika mu fainolo ya Euro 1988 nkugonja kwa Netherlands. Mayi ake, a Olga, anali katswiri wa masewero othamanga ndi kudumpha. Kumayambiriro kwa 1989 banja lonse linasamukira ku England bambowo atasainidwa ndi Ipswich Town, Elena ali ndi zaka zisanu. Kenako bambo anapita ku St Johnstone, banja nkukakhala ku Perth, ku Scotland, ndipo ndi kumeneko kumene mtsikanayu anakulira nkuphunzira tenesi. Mchimwene wake wamkulu, nayenso dzina lake Sergei, anatsata mapazi a bambo nkusewerera St Mirren. Anzake a Elena ankangomutcha Bally.

Dziko linamudziwa mu 2002. Ali ndi zaka 18, okonza Wimbledon anamulowetsa mumpikisano mwa chisomo poti nambala yake pa mndandanda wa dziko lonse inali kutali. Mu ndime yachiwiri anagwetsa Amanda Coetzer wa ku South Africa, amene anakhalapo pa nambala 3 pa dziko lonse. Anakagonja mu ndime yachitatu kwa Elena Likhovtseva, koma manyuzipepala a kuno anali atamugwira kale. Anthu a kuno ali ndi ludzu losatha la katswiri wawowawo wa tenesi, ndipo anaganiza kuti amupeza.

Pasanapite nthawi yaitali thupi linayamba kumukana.

Matenda ake sanali anga

Apa ndifotokoze bwino kuti pasakhale kusokoneza. Elena analibe hepatitis B. Matenda ake amatchedwa primary sclerosing cholangitis. Alibe kachilombo, sapatsirana, ndipo ndi osowa. Chiwindi chimapanga ndulu, nduluyo imayenda m'timachubu ting'onoting'ono kupita m'matumbo kukathandiza kugaya mafuta. Pa matendawa timachubuto timatupa, timachita zipsera nkumaning'a pang'onopang'ono, ndulu nkumabwerera m'chiwindi ndi kuchiwononga. Odwala amatopa kutopa kosatha ndi kugona, ena thupi limawayabwa, ena maso amachita chikasu. Mankhwala ochiza palibe. Zikafika poipa chotsalira ndi kuikidwa chiwindi cha munthu wina. Ndipo amawonjezera chiopsezo cha khansa.

Tsono taganizani munthu amene ntchito yake ndi kuthamanga maola awiri kapena atatu padzuwa, mawa lake kukwera ndege, mkuja kuyambiranso, akuuzidwa ali ndi zaka 19 kuti ali ndi nthenda imene chizindikiro chake chachikulu ndi kutopa. Ine ndikudziwa chimene ndikanachita, poti ndinachichita pa nthenda yopepukirapo.

Iye anapuma miyezi yambiri mu 2003, nambala yake nkugwa, nkubweranso. Mu Januwale 2005 anadutsa ndime yachipulula ya Australian Open nkufika mu ndime yachitatu ya mpikisano weniweni, kutentha kwa ku Melbourne kuli pachimake. Mu 2006 msana unamugwira mpaka anachitidwa opareshoni, nambala nkugwanso. Anayambiranso pansi, m'timipikisano ta m'matauni osadziwika kumene oonerera amakhala makochi ndi makolo basi. Zaka zimene osewera ambiri amakhala akukwera, kuyambira 19 mpaka 25, iye anazithera akugwa ndi kudzuka.

Ndipo pa zonsezi chimandikhudza kwambiri nchakuti zabwino zake zenizeni zinabwera mochedwa. Analowa m'gulu la osewera 100 apamwamba mu 2009, ali ndi zaka 26, msinkhu umene atsikana ambiri a tenesi amakhala atayamba kuganiza zosiya. Pa nthawiyo nkuti akuphunzitsidwa ndi Nino Severino, bambo amene anachokera ku masewero omenyana, osati ku tenesi, ndipo atabwerera kukakhala ku Ipswich.

Nambala 49

Chaka chake chinali 2010. Mu Januwale anafikanso mu ndime yachitatu ya Australian Open, nkugonja kwa Dinara Safina amene anali pa nambala 2. Mu Malichi, ku Indian Wells, anagonjetsa Li Na wa ku China, yemwe chaka chotsatira anadzatenga French Open. Mu Julayi, ku Istanbul, anagonjetsa Francesca Schiavone patangopita milungu yochepa Schiavone atanyamula chikho cha French Open. Mu Seputembala anafika pa nambala 49 pa dziko lonse. Pamenepo ndi pamwamba pake. Anakhala pa nambala 1 pa osewera aakazi a ku Britain kwa masabata 132 pakati pa 2009 ndi 2012.

Ndamvapo anthu, ngakhale a kuno amene, akupeputsa nambala imeneyi. Amati ankangotuluka mu ndime yoyamba kapena yachiwiri. Zimandipweteka. Tenesi ndi masewero ankhanza kwa munthu wa pakati. Mu mpira wa miyendo, wosewera wa nambala 49 pa dziko lonse ndi mpondamatiki, ali ndi kalabu yomulipira mwezi ndi mwezi, akavulala madokotala a kalabu amamusamala malipiro akulowabe. Mu tenesi mulibe malipiro a pamwezi. Ukapambana wadya, ukagonja Lolemba wabwerera ndi zochepa, ukadwala palibe chimene chikulowa. Ndege, hotelo ndi kochi zimachoka m'thumba mwako, kupatula pamene bungwe la tenesi la dziko lako lakugwira mkono. Ndipo mapointi amene umapeza amatha mphamvu pakatha masabata 52, kutanthauza kuti ukagona m'chipatala chaka chimodzi umadzuka ulibe kalikonse, ngati sunasewerepo. Elena zimenezi zinamuchitikira kangapo.

Ndalama zonse za mphoto zimene anapeza pa moyo wake wonse wa tenesi zinangopitirira pang'ono madola 1 miliyoni. Zikumveka zambiri mukaziwerengera m'makwacha, koma zigaweni pa zaka zoposa khumi, muchotse msonkho ndi maulendo a chaka chonse. Wopambana Wimbledon chaka chimodzi chokha amalandira zoposa pamenepo m'masabata awiri.

Ife amene timagwira ntchito za mashifiti kunja kuno moyo umenewu timaudziwa. Ukapanda kudzuka, ndalama palibe. Nchifukwa chake ndimamuwerengera mtsikanayu ngati mnzanga wa pantchito kuposa ngati munthu wotchuka.

Chinthu chimodzi ankachifunitsitsa, kusewera pa Olympics ya ku London mu 2012. Bambo ake anali ndi mendulo ya Olympics ya ku Moscow ya 1980. Nambala yake sinali yokwanira kuti alowe yekha, ndiye ankadikira chisomo cha okonza. Uthenga woti wapatsidwa malo anaulandira pa Wimbledon chaka chomwecho, atangopambana masewero ake oyamba, ndipo amene anamuuza ndi Judy Murray, mayi ake a katswiri wa tenesi Andy Murray, yemwe anali mtsogoleri wa timu ya amayi ya Britain ndipo ankamudziwa kuyambira ali kamtsikana ku Scotland. Elena analira pomwepo anthu akuona. Pa Olympics anapambana masewero oyamba nkugonja achiwiri kwa Ana Ivanovic. Atatero ndi pamene anapita ku opareshoni ya phazi ija, imene anabwerako mu 2013, ine nkudzamuona.

Kuyambira Novembala mpaka Meyi

Zotsalazo zinachitika mothamanga moti mpaka lero ndikaziika pamzere mutu umandizungulira.

Mu Novembala 2013 analengeza kuti wasiya tenesi chifukwa thupi latopa. Mu Disembala anakwatiwa ndi Nino Severino. Mu Januwale 2014 anamupeza ndi khansa ya chiwindi. Mu Malichi anauza dziko. Pa 4 Meyi anamwalira.

Sanapume ngakhale miyezi iwiri yathunthu ali bwino. Anali ndi zolinga. Mu 2010 iye ndi Nino anali atatsegula sukulu ya tenesi ku Ipswich, yoti ana a m'mabanja osowa, makamaka atsikana, azigwira raketi popanda kufunsidwa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji. Ankafuna kuthera moyo wake kumeneko.

Anzake anali atakonza kale masewero osonkhetsa ndalama otchedwa Rally for Bally, akuyembekeza kuti adzawaonera. Anachitika pa 15 Juni 2014 iye kulibe, ku Queen's Club ku London, ku Birmingham ndi ku Eastbourne, Andy Murray ndi Martina Navratilova ali m'gulu la osewera. Ndalamazo zinapita ku ntchito yolimbana ndi khansa ndi ku sukulu yake ija. Kuyambira 2015 mpikisano wa amayi wa kuno ku Nottingham unakwezedwa kukhala wa WTA, bungwe loyendetsa mipikisano ikuluikulu ya tenesi ya amayi, ndipo chikho chake chimatchedwa Elena Baltacha Trophy. Ashleigh Barty anachinyamula mu 2018, Katie Boulter mu 2023 ndi 2024.

Masabata amene ndinamukwiyira

Ndikanakonda kukuuzani kuti imfa yake inandilimbitsa mtima. Sizinatero ayi. Inandigwetsa.

Kwa pafupifupi chaka ndinali nditamukoleka mumtima ngati umboni wakuti munthu wa chiwindi chodwala amakhala ndi moyo. Ndikamapita kokajambulidwa, nditagona chagada, namwino akundipaka mafuta ozizira aja pamimba nkumayendetsa kachipangizo pansi pa nthiti, ndinkatseka maso nkumamuona akuseva. Tsopano umboni wangawo unali m'bokosi. Ndinkadzifunsa kuti ngati ameneyu, wa thupi lolimba chotero, wosamwa, wodya mosamala, woyang'aniridwa ndi madokotala kuyambira ali mtsikana, wapita m'miyezi inayi, nanga ine ndine ndani?

Manyuzipepala ankalemba kuti anali wolimba mtima, kuti anamenya nkhondo mpaka kumapeto. Nzoona. Koma mawu amenewo ankandinyansa masiku amenewo, chifukwa kulimba mtimako sikunamuonjezere ngakhale tsiku limodzi. Ndagwira ntchito pakati pa odwala nthawi yokwanira kuti ndidziwe kuti khansa siyang'ana kuti uyu ndi wolimba mtima, uyu ndi wamantha. Ndaona amantha akuchira, olimba akupita.

Chimene chinandibweza si mawu a munthu aliyense. Ndi masamu. Tsiku lina ndili pa basi ndinawerengera kuti kuchokera pamene anauzidwa za matenda ake kufika pamene anamwalira panadutsa zaka 11. Ndinayamba kuika m'zakazo zimene zinalowamo: Melbourne, Li Na, Schiavone, nambala 49, Olympics, sukulu ya ana, ukwati. Pafupifupi chilichonse chimene timamukumbukira nacho anachichita akudwala kale. Akanati adikire kuti achire kaye, bwenzi palibe chilichonse mwa zimenezi, chifukwa kuchirako sikunali kubwera. Tsiku lija pamphepete pa bwalo sindinaone munthu amene wagonjetsa matenda. Ndinaona munthu wodwala ali pantchito yake. Zimenezo imfa yake sinazifafanize.

Sukulu ya unamwino sindinasiye. Koma panali chinthu china chimene ndinali ndisanachite, ndipo imfa yake ndi imene inandikankha. Elena matenda ake sanawabise, dziko lonse linkawadziwa, ndipo nchifukwa chake mayi wachingerezi uja anatha kundinong'oneza. Akanabisa, ine ndikanangoona mtsikana wathanzi akumenya mpira nkubwerera kunyumba mmene ndinapitira. Ndipo matenda ake sankaika wina aliyense pa chiopsezo. Anga anali ndi eni ake ena ku Zomba amene sankadziwa kanthu.

Foni ya ku Zomba

Ndinaimba Lamlungu madzulo, nthawi imene ndimadziwa kuti abwerako ku tchalitchi ndipo adya.

"Amayi, muli panokha? Ndili ndi nkhani."

"Nena mwanawe, wandiopsa. Ana ali bwino?"

Ndinawafotokozera zonse mmene adokotala anandifotokozera, pang'onopang'ono. Kuti si mowa. Kuti si zomwe zija. Kuti ndili bwino, ndikugwira ntchito, akundiyang'anira. Kuti kachilomboka nthawi zambiri kamayenda m'banja, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pobereka, kapena pakati pa ana akamakula limodzi, ndiye ndi bwino iwo ndi abale anga onse akayezetse.

Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka.

"Ndiye ukutanthauza kuti ndinakupatsa ndine?"

Funso limenelo ndi limene ndinkaliopa kuposa manyazi onse aja. Ndinati, "Amayi, simunadziwe, ndipo panalibe chimene mukanachita. Nthawi imene munkatibereka katemera wake kusikelo kunalibe." Ndipo ndi zoona. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa ana a ku Malawi mu 2002, m'jakisoni uja wophatikiza matenda asanu. Tonse obadwa chisanafike chaka chimenecho tinadutsa opanda chitetezo.

Analira, inenso ndinalira. Kenako anandikalipira, osati chifukwa cha matendawo koma chifukwa chosenza ndekha. "Unali ndi mayi ako wamoyo, iwe nkumagona ndi zimenezi wekha kudziko la eni?"

Sabata yomweyo anapita kukayezetsa, ndipo anapezeka nako. Mng'ono wanga wamkazi anapezeka alibe. Achimwene anga aakulu anapezeka nako, ndipo kwa iwo kachilomboko kanali katayamba kale kuwononga chiwindi iwo osamva kupweteka kulikonse. Anawayambitsa mapiritsi a tenofovir, amodzi patsiku, ndipo mpaka lero akuyendetsa minibasi yawo. Poyamba ankaopa kuonedwa ndi botolo la mankhwalawo poti ndi amodzi mwa omwe amapezeka mu ma ARV, koma alamu anga anawalimbitsa mtima.

Watsala mchimwene wanga wamng'ono, chitsirizira cha amayi, wobadwa mu 1990. Iyeyu wakana. Amati, "Achemwali, ine ndili bwinobwino, ndikudya, ndikugwira ntchito, ndikayezetse chiyani? Mukufuna ndizikhala ndi maganizo?" Ndamufotokozera kuti achimwene nawonso ankamva bwinobwino. Ndamutumizira ndalama ya thiransipoti, anagulira mayunitsi. Ndamuuza za Elena, anati ameneyo anali mzungu wa matenda ena, ndipo pamenepo sananame. Ali ndi mkazi ndi ana awiri tsopano. Anawo anabaidwa katemera kusikelo, mkazi wake ndinamunyengerera mpaka anakayezetsa, koma mwini wakeyo sanapitebe. Ndikamuimbira timacheza za mpira, za mitengo ya feteleza, za denga la nyumba yanga limene amandiyang'anirira, kenako ndimamufunsanso.